Khasu M'manja, Mwana Kumbuyo: Mbiri ya Kulera Ana m'Midzi ya Lilongwe

Mabuku ambiri a mbiri yakale amasimba za mafumu, nkhondo, amishoni ndi maboma. Kawirikawiri satchula za mayi amene ankadzuka tambala woyamba atangolira kuti akonole chimanga asanapite kumunda, kapena za kamtsikana ka zaka 8 kamene kankatsala pakhomo katabereka mng'ono wake. Komatu popanda anthu oterewa sipakadakhala fodya wogulitsa pamisika ya ku Lilongwe, ndipo amuna sakadatha kusiya nyumba zawo kukakumba golide kumigodi. Nkhani ino ikulondola moyo wa makolo a ana aang'ono m'midzi ya kumpoto ndi kumadzulo kwa boma la Lilongwe, kuyambira kwa Chitukula, kudzera ku Nambuma, kwa Kabudula ndi ku Nsaru, mpaka ku Mpingu ndi ku Namitete. M'zaka zoposa 100 ntchito ya kholo m'maderawa yasintha kangapo, ndipo nthawi iliyonse imene inasintha, banja linkayenera kupeza munthu wina woti atsale ndi mwana.

Mudzi wa mbumba

Anthu ambiri a m'maderawa ndi Achewa, ndipo mwa chikhalidwe chawo mwana amawerengedwa kuchikazi. Atsamunda asanafike, mudzi unkamangidwa pa mbumba, ndiye kuti amayi apachibale pamodzi ndi ana awo, moyang'aniridwa ndi mlongo wawo amene ankatchedwa mwinimbumba. Mwamuna akakwatira ankapita kukakhala kwawo kwa mkazi, ndipo ukwati woterewu ndiwo chikamwini. Mkamwini ankamanga nyumba ndi nkhokwe, kuswa mphanje ndi kulima munda wa apongozi ake, koma pa nkhani zikuluzikulu zokhudza ana, mawu otsiriza ankakhala a atsibweni a anawo.

Dongosolo limeneli linkamuthandiza kwambiri mayi wa mwana wakhanda chifukwa ankachira ali pakati pa abale ake. M'masiku a chikuta, mchombo wa mwana usanagwe, amayi ake ndi abale ake aakazi ndiwo ankamuphikira, kumutungira madzi ndi kumufunira nkhuni. Akapezako mphamvu ankabwerera kumunda mwana ali m'mbereko. Dzuwa likakula ankamutsitsa n'kumugoneka pamthunzi m'mphepete mwa munda, pamene kamtsikana kachibale, kamene kankatchedwa mlezi, kankamuingitsira ntchentche ndi kumutonthoza akalira. Mwana akasiya kuyamwa ankasamukira kukuka, kunyumba ya agogo ake aakazi, kumene ankamva nthano ndi zilapi madzulo. Akasinkhuka, mnyamata ankapita kumphala ndipo mtsikana kugowelo.

Chakudya nachonso chinkadyedwa pamodzi. Pa chidyerano mayi aliyense ankabweretsa nsima ndi ndiwo zake, amuna n'kudyera paokha, amayi ndi ana paokha, kotero kuti mwana amene mayi wake wadwala sankagona ndi njala. Munda ukakula udzu, mwini wake ankafulula mowa n'kuitana dima. Mwambi woti mwana wa mnzako ngwako yemwe unkafotokoza m'mene mudzi unkayendera tsiku ndi tsiku. Izi sizikutanthauza kuti moyo unali wofewa. Malungo, nthomba, chikuku ndi matenda otsegula m'mimba ankapha ana ambiri asanayambe n'kuyenda komwe. N'chifukwa chake miyambo yoteteza khanda inali yokhwima. Poopa mdulo, makolo ankadikira mwambo wa kutenga mwana asanayambenso kukhalira malo amodzi, ndipo mayi wotenga pathupi mwana wina akadali pabere ankadzudzulidwa ndi akuluakulu.

Msonkho ndi fodya

Mu 1891 dziko lino linalowa mu ulamuliro wa Britain, ndipo mu 1904 atsamunda anakhazikitsa boma lawo ku Lilongwe. Chinthu choyamba chimene chinagwedeza moyo wa pabanja chinali msonkho wa nyumba. Chimanga cha m'nkhokwe chinkadyetsa ana, koma boma linkafuna ndalama. Bambo aliyense anayenera kusankha pakati pa kulima mbewu yogulitsa ndi kupita kutali kukagwira ntchito ya malipiro.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920 Azungu awiri, A.F. Barron ndi R.W. Wallace, anatsegula minda ku Mbabzi, kumadzulo kwa Lilongwe, ndipo anayamba kugawira anthu a m'midzi mbewu ya fodya kuti azilima m'minda yawo n'kumawagulitsa iwowo. Uyu anali fodya wa chikopa, wouma ndi utsi. Ulimiwu unafala msanga m'maboma a Lilongwe ndi Dowa, mwakuti mu 1926 boma linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board kuti lizilembetsa alimi ndi kuyang'anira misika. Chifukwa cha fodya, amuna ambiri a ku Lilongwe anatha kupeza ndalama ya msonkho ali kwawo, mosiyana ndi anzawo a ku Mzimba kapena ku Nkhata Bay amene ankachoka mwaunyinji.

Koma fodya ndi mbewu yosapatsa mpumulo. Nazale imafuna kuthirira m'mawa ndi madzulo m'miyezi yotentha mvula isanagwe. Kenaka pamabwera kuwokera, kupalira, kubandira, kudula nsonga, kuthyola, kusoka, kusonkhezera moto m'balani, ndipo pomaliza kusankha masamba. Ntchito zonsezi zinawonjezeka pamwamba pa chimanga, mtedza ndi nyemba zimene banja linkalima kale. Zoipa kwambiri n'zakuti ntchito inkafika pachimake mu Januwale ndi Febuluwale, miyezi imene nkhokwe zimakhala zitatsika ndipo malungo ali ponseponse. Mayi amene ankaweruka kumunda dzuwa lili pamutu anayamba kuweruka litapendeka, ndipo pofika pakhomo mtondo, chitsime ndi nkhuni zinkamudikirabe. Mwana amene ankadya phala katatu anayamba kulidya kawiri kapena kamodzi, ndipo mlezi anayamba kuchotsedwa pa mwana kuti akathandize kusoka fodya.

Fodya anakhudzanso ukwati. Dzina lolembedwa m'kaundula wa alimi linali la bambo, ndipo ndalama za pamsika zinkalowa m'thumba mwake. Amuna ambiri sanafune kumanga balani ndi kusamala munda pamudzi pamene akanatha kuthamangitsidwa ukwati ukatha. Choncho ankapereka chiwongo kwa akuchikazi n'kutenga mkazi kupita naye kwawo. Chitengwa chinalipo kale, makamaka kwa mafumu ndi eni mbumba, koma tsopano chinachuluka. Mtengwa ankalera ana kutali ndi amayi ake, ndipo thandizo limene kwawo likadabwera lokha ankachita kulipempha kwa apongozi ndi alamu.

Bambo ali kumigodi

Mitengo ya fodya itagwa m'zaka za m'ma 1930, bungwe lija linachepetsa misika ndi chiwerengero cha alimi ololedwa kulima. Amuna ambiri a ku Lilongwe analowa njira imene anzawo anali atayamba kale, ya ku Southern Rhodesia ndi ku South Africa. Komiti imene boma linasankha mu 1935, motsogozedwa ndi Travers Lacey, inapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 a ku Nyasaland anali kunja kwa dziko, ndipo inachenjeza kuti midzi ikupasuka. M'zaka zotsatira mabungwe awiri anatchuka polemba anthu ntchito: Wenela, yotengera amuna kumigodi ya golide ya ku Johannesburg, kumene anthu ankangoti ku Joni, ndi Mthandizi, yowatengera kumafamu a ku Southern Rhodesia. Ena ankapita okha, wapansi.

Mwamuna wa Wenela ankakhala kunja chaka chimodzi kapena ziwiri. Gawo lina la malipiro ake linkasungidwa kuti adzalandire akabwerera kumudzi, ndipo lina ankatha kulitumiza kubanja. Pa nthawi yonseyo mkazi wake ankagwira ntchito za anthu awiri. Kugalauza munda, kufolera denga, kukonza nkhokwe ndi kumanga khola, zimene zinali ntchito za bambo, zinatsala m'manja mwake. Akalandira ndalama ankalemba waganyu. Zikachedwa ankafulula mowa kapena kukagwira ganyu iye mwini, munda wake n'kumera udzu. Kalata ikabwera, mayi wosadziwa kuwerenga ankapita nayo kwa mphunzitsi kapena kwa mwana wasukulu, ndipo zinsinsi za m'banja zinkadutsa m'makutu a munthu wachitatu. Atsibweni a ana, amene mwambo unkawadalira pa nthawi ngati imeneyi, nthawi zambiri nawonso ankakhala ali paulendo womwewo.

Obwerera ankafika ndi njinga, mabulangete, makina osokera, wailesi ndi ndalama zogulira malata kapena ng'ombe, ndipo ana ambiri analipiriridwa sukulu ndi ndalama za kumigodi. Ena ankabwera ndi chifuwa chosachiritsika chochokera ku fumbi la pansi pa nthaka. Enanso sankabwera konse, ndipo ankatchedwa machona. Mwana wobadwa bambo ake atangonyamuka ankawaona koyamba akuyenda kale, ndipo ankawathawa ngati mlendo.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo. Dr. H. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu ntchito za kumigodi, ndipo amuna oposa 100,000 anabwerera kumudzi m'zaka ziwiri zotsatira. Ulendowu unayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, koma ndi anthu ochepa, ndipo unatheratu mu 1988.

Chitukuko cha m'midzi ndi mzinda watsopano

Amunawa anabwerera kumidzi imene inali itayamba kusintha. Mu 1968 boma, ndi ngongole ya World Bank, linayambitsa ntchito ya Lilongwe Land Development Programme m'chigwa cha Lilongwe. Ntchitoyi inalambula misewu, kukumba mijigo, kumanga misika ya mbewu ndi kupereka feteleza ndi mbewu pangongole. Minda inayezedwa n'kulembetsedwa m'dzina la mtsogoleri wa banja, mwa dongosolo limene anthu ankalitcha ndunda. Kwa mayi wa ana aang'ono, mjigo wapafupi ndi chigayo cha pamsika zinali zazikulu kuposa zonse, popeza zinamubwezera maola amene ankathera kudambo ndi pamtondo. Komabe alangizi a zaulimi ankalankhula kwambiri ndi amuna, ndipo ngongole zinkapita kwa iwo, pamene amayi, amene ankagwira khasu tsiku lililonse, ankaitanidwa makamaka ku maphunziro a kuphika ndi kusoka.

Pa nthawi yomweyo mzinda unali kukula. Mu 1975 Lilongwe inakhala likulu la dziko m'malo mwa Zomba. Ku Kanengo kunamangidwa mafakitale, nkhokwe za chimanga ndi msika wa fodya wa okushoni, ndipo mu 1983 bwalo la ndege la Kamuzu linatsegulidwa kufupi ndi Lumbadzi. Midzi ya kwa Chitukula, imene ili kumpoto kwa mzindawu, inapezeka ili pakhomo pa ntchito. Apa panabadwa kholo la mtundu watsopano, logona kwawo tsiku lililonse koma losaonana ndi ana ake masana. Bambo ankanyamuka kusanache, wapansi kapena panjinga, kukagwira ntchito ya ulonda, ya zomangamanga kapena yonyamula mabelo pa nyengo ya fodya. Mayi ankasenza dengu la tomato, masamba kapena mtolo wa nkhuni kukagulitsa kumzinda, khanda lili kumbuyo, ana okulirapo atawasiya ndi agogo.

Amene anasamukira m'makomboni monga Mgona, Mtandire ndi Chinsapo anapeza kuti kumeneko kulibe kuka. Mayi wa pantchito, kaya namwino, mphunzitsi, kalaliki kapena wogulitsa pamsika, ankatumiza uthenga kumudzi kuti amupezere kamtsikana kodzalera mwana. Kamtsikanako kankalonjezedwa sukulu, koma nthawi zambiri mwana amene kankamulerayo ndiye ankadzayamba sukulu, iko kakadali kukhitchini.

Banja pa esiteti

Njira ina imene makolo anatsata inali ya utenanti. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 lamulo linkalola maesiteti okha kulima fodya wa bale, ndipo maesiteti anachuluka ku Kasungu, ku Mchinji ndi ku Lilongwe komwe. Tenanti ankapita ndi banja lake lonse. Mwini esiteti ankamupatsa chimanga, feteleza ndi zipangizo pangongole, n'kudzadula zonsezo fodya akagulitsidwa. Ngakhale wolembedwa anali bambo yekha, munda wopatsidwawo sukadatheka popanda manja a mkazi ndi ana. Pa esiteti panalibe agogo, chidyerano kapena dima. Khanda linkakulira m'chigafa, pakati pa masamba a fodya, ndipo mwana wa zaka 9 ankadziwa kusoka fodya asanadziwe kulemba dzina lake. Mu 1990 alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima fodya wa bale m'minda yawo, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti mwalamulo.

Sikelo, sukulu ndi mkombaphala

Pa moyo wa ana eniakewo, zaka zimenezi zinabweretsa zabwino zooneka. Mu 1959 masisitere a chipani cha Carmel ochokera ku Luxembourg anatsegula chipatala cha St Gabriel ku Namitete, ndipo m'zaka zotsatira zipatala zing'onozing'ono zinafalikira m'madera ena. Tsiku la sikelo linalowa m'kalendala ya mayi aliyense, ndipo katemera anagonjetsa nthomba n'kuchepetsa chikuku. Kafukufuku wa boma wa 1992 anapeza kuti mwa ana 1,000 obadwa amoyo m'dziko muno, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka 5. Wa 2015 mpaka 2016 anapeza 63.

Pakati pa zaka zimenezi panadutsa mliri wa Edzi. Matendawa anapezeka koyamba m'Malawi mu 1985, ndipo mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa kwaulere m'zipatala za boma mu 2004. M'zaka za pakatipo anamwalira kwambiri anali anthu a msinkhu wogwira ntchito, amene analinso makolo a ana aang'ono. Agogo amene kale ankangosunga adzukulu masana anakhala makolo kachiwiri, akulima okha ndi mphamvu zotha kale.

Mu 1994 boma linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, ndipo chiwerengero cha ophunzira chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Ambiri mwa olowa kumenewo anali atsikana amene akadakhala alezi. Ichi chinali chilungamo chimene chinachedwa, koma chinasiya mpata pakhomo, pakuti m'mawa uliwonse mudzi unkatsala wopanda ana osinkhuka. Mpatawu anayamba kuutseka ndi sukulu za mkombaphala za m'midzi, zimene boma linaziphatikiza mu ndondomeko yake ya kakulidwe ka ana aang'ono mu 2003. Sukuluzi zimakumana m'tchalitchi, m'kanyumba komangidwa ndi mudzi kapena pansi pa mtengo. Makolo amasonkha ufa wa phala, ndipo olera anawo ndi anthu a m'mudzi momwemo, makamaka amayi, ambiri mwa iwo ogwira ntchitoyi modzipereka. Ufa ukatha m'miyezi ya njala, ana amasiya kubwera, ndipo imeneyo ndiyo miyezi imene makolo amakhala otanganidwa koposa kumunda.

Zimene lamulo lafikapo

Lamulo la ntchito la 2000 linapatsa mayi wolembedwa ntchito tchuthi cha uchembere cha masabata 8, akulandira malipiro ake onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse, ndipo linaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14. Litakonzedwanso mu 2021, linapatsa bambo tchuthi cha masabata awiri mwana akabadwa, ndiponso mayi nthawi yoyamwitsa pa maola a ntchito. Aka kanali koyamba kuti lamulo la dziko lino livomereze kuti bambo nayenso ali ndi gawo lake pafupi ndi khanda. Koma malamulowa amafika kwa amene ali ndi bwana ndi kalata ya ntchito. Mlimi wa kwa Kabudula, waganyu wa ku Nsaru, wakabaza wa ku Mpingu ndi mayi wogulitsa mandasi pa Namitete alibe wowapatsa tchuthi, ndipo makolo ambiri a m'maderawa ndi oterewa.

Mbiri imeneyi ikuonetsa kuti msonkho, fodya, migodi, maesiteti ndi mzinda zonse zinatenga mphamvu za kholo popanda kuwerengera mwana wotsala pakhomo. Mtengo wa belo la fodya sunaphatikizepo maola a agogo, ndipo malipiro a Wenela sanaphatikizepo sukulu ya mlezi. Ntchito yolera inkangogwera amene anali pafupi, ndipo pafupifupi nthawi zonse ameneyo anali wamkazi. Ophunzira ambiri amene afika ku sekondale kuchokera m'midzi imeneyi anaberekedwapo kumbuyo kwa agogo, azakhali kapena mkulu wawo amene sukulu yake inathera panjira chifukwa cha iwo. Ophunzira omwewo ndiwo adzakhale makolo apantchito, olemba anzawo ntchito ndi opanga malamulo. Adzayenera kusankha ngati adzaitanitsenso kamtsikana ka kumudzi kodzawalerera ana, kapena adzagawane ntchitoyo pakati pa bambo, mayi, mudzi ndi boma, kuti mwana wina asataye sukulu polera mwana mnzake.